Kiyi wagona m'beseni la sopo: angadzukenso?

Funso: Ndili ndi Toyota Ractis ya 2011, yolizira pa batani. Loweruka lapitali kiyi anatsalira m'thumba la buluku, ndipo bulukulo linanyikidwa m'beseni la sopo waufa usiku wonse. Tinamupeza m'mawa pochapa. Anzanga anati ndimukwirire mumpunga, ndipo wakhalamo masiku awiri. Pano ndikadina batani kanyali kofiira sikakuyaka, zitseko sizikutseguka, galimoto yangokhala pakhomo. Inabwera ndi kiyi mmodzi yekhayu. Kodi ndiye kuti watheratu? Ndine wowerenga wanu wa ku Lilongwe.

Yankho: Pepani bambo. Koma musanapitirize kuwerenga, nyamukani mukafukule kiyiyo mumpungamo, mumutsegule, muchotse batire. Mwalemba kuti mukumadina batani n'kumayang'ana kanyali, ndiye kuti batire likadali momwemo, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa kuposa beseni lija. Pa makiyi onyowa amene amafika pa tebulo langa, ambiri amene amaferatu si amene anakhalitsa m'madzi ayi. Ndi amene anakhalitsa ndi batire m'mimba ali chinyowere.

Ndikudziwa chimene chimagwira anthu dzanja. Amaopa kuti akachotsa batire ndiye kuti pulogalamu ifufutika, galimoto isiya kumudziwa kiyiyo. Mantha amenewo achotseni. Chinsinsi chimene kiyi wanu amadziwana nacho ndi galimoto chinalembedwa m'katchipu, kachipangizo kakang'ono kosunga pulogalamu m'kati mwa kiyiyo, mwanjira yoti sichidalira batire kuti chikhalepo. Mukhoza kumusiya wopanda batire mwezi wathunthu, akadzalandira lina adzakumbukira zonse.

Kutsegula kwake sikovuta. M'mbali mwa kiyi muli kotsekera kakang'ono, mukakakankha mumasolola kiyi wachitsulo amene amabisala m'katimo. Mukamusolola muona kampata pamene zigoba ziwiri zimakumana. Tengani sikuludiraiva yaing'ono ya fulati, kulungani nsonga yake ndi kansalu kuti isakande pulasitiki, lowetsani pakampatapo n'kupotoza pang'ono. Zigoba zisiyana zokha. Musanakhudze kanthu, jambulani ndi foni momwe zinthu zakhalira, makamaka mbali imene batire layang'ana, chifukwa mawa mudzakhala mutaiwala. Kenako tulutsani batire, kabolodi kobiriwira (pamene pamamatiridwa tizipangizo ta magetsi) ndi kamphira ka mabatani, chilichonse pachokha. Musadabwe mukapeza timadontho tikunyezimirabe pansi pa kamphirako pambuyo pa masiku awiri a mumpunga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano ndifotokoze chimene chakhala chikuchitika m'katimo, poti mukachimvetsa zotsalazo muziona nokha. Madzi oyera enieni, opanda kanthu kosungunukamo, sadutsitsa magetsi kwenikweni. Chimene chimawasandutsa msewu wa magetsi ndi mchere ndi zina zosungunuka, ndipo sopo waufa ndi wodzaza ndi zimenezo. Kuwonjezera apo, ntchito ya sopo ndi kufewetsa madzi kuti alowerere pakati pa ulusi wa nsalu. Luso lomwelo ndi limene limawalowetsa pansi pa katchipu ndi m'kati mwa mabatani, malo amene dontho la mvula likanangodutsa pamwamba. Kamphira kotchinga m'mphepete kanapangidwira mvula ndi manja onyowa, osati kugona m'thovu mpaka kuche.

Ndiye ganizirani timiyendo ta katchipu, totalikirana osakwana milimita imodzi, tina tili ndi mphamvu ya mavolti 3 ochokera ku batire, tinzake tilibe. Madzi a sopo akatilumikiza, chitsulo chimayamba kusungunuka mbali imodzi n'kumakaunjikana mbali inayo. Ndikaika kabolodi kotere pansi pa galasi lokulitsa, ndimaona zoyera ngati phulusa la pa mbaula zitazungulira timiyendo, ndi zobiriwira ngati ndere pamene mkuwa wadyeka. Nthawi zina pamamera timizu tachitsulo, topyapyala kuposa tsitsi, kuchoka pa mwendo uwu kukakhudza unzake. Mwendo wina ukadyeka mpaka kuduka, kiyi ndiye wapita. Zonsezi zimayenda ndi magetsi. Popanda batire dzimbiri limabwerabe, koma mwaulesi, pa masabata. Batire likakhalamo ndi nkhani ya maola ndi masiku.

Kiyi wa mtundu wanuwu ali pachiopsezo kuposa marimoti akale aja okhala ndi kiyi wolowetsa m'switchi. Rimoti yakale imagona tulo mpaka mutaidina. Wanuyu sagona. Usana ndi usiku amakhala tcheru kumvetsera ngati galimoto ikumuitana, n'chifukwa chake batire lake limatha pa chaka chimodzi kapena ziwiri ngakhale musamadine kawirikawiri. Choncho usiku wonse uja m'beseni, ndi masiku awiri a mumpunga, magetsi akhala akuyenda pa bolodi yonyowa. Kudina kulikonse kumene munkayesa kunkawonjezera moto.

Za mpunga ndinene mosapsatira, ngakhale anzanu anakulangizani ndi mtima wabwino. Mpunga wouma sukoka madzi amene atsekeredwa m'chigoba chotseka. Kiyi wosiyidwa pa tebulo atatsegulidwa amauma msanga kuposa wokwiriridwa m'thumba la Kilombero. Kumayambiriro kwa 2024 nkhani inamveka kuti ngakhale kampani ya Apple ikulangiza eni mafoni ake kuti asamaike foni yonyowa mumpunga, poti tinyenyeswa take tingalowe n'kuwononga. Koma kwa ine vuto lalikulu la mpunga si fumbi lake. Vuto ndi loti umamupatsa munthu mtendere wabodza. Amaona ngati wachitapo kanthu, n'kukhala pansi masiku awiri batire likudya bolodi.

Ndipo ngakhale mpungawo ukanaumitsadi, kuumitsa si kuchapa. Funsani amene amachapa kwanuko chimene chimachitika malaya akayanikidwa osatsukuluza. Amauma gwa, ali ndi mizere yoyera ya sopo. Madzi apita koma sopo watsala. Pa kabolodi n'chimodzimodzi, ndipo zotsalirazo zimakoka chinyontho cha mumpweya. Kiyi amatha kudzuka mu Okutobala mukuti zatheka, kenako mvula ikayamba mu Disembala, mpweya utalemera ndi chinyezi, dzimbiri n'kuyambiranso pamene linalekezera. N'chifukwa chake mankhwala a kiyi amene wanyowa ndi sopo, ngakhale zimveke zachilendo, ndi kumunyowetsanso. Ayenera kutsukuluzidwa.

Tisanafike kumeneko, pali nkhani imene ingakuchotseni nkhawa lero lomwe. N'kutheka ndithu kuti galimoto yanu ikhoza kulira ngakhale kanyali sikakuyaka. M'chigoba chimodzicho muli antchito atatu. Pali kiyi wachitsulo uja, amene madzi sangamuchite kanthu. Pali rimoti, imene imatumiza mafunde kutali ndipo imafuna batire. Ndiye pali mbali ya immobiliser, imene imatsimikizira kompyuta ya galimoto kuti kiyiyu ndi wakewake. Mbali imeneyi ili ndi njira yapadera yosafuna batire: ikayandikira kwambiri pa batani lolizira, imalandira mphamvu kuchokera ku koyilo yozungulira batanilo, n'kuyankha.

Chitani motere, batire lili kunja. Pukutani kabolodi, kabwezereni m'chigoba kwa kanthawi. Tsegulani chitseko cha dalaivala ndi kiyi wachitsulo. Loko akhoza kulimba chifukwa mwina chibwerere ku Japan sanalowetsedwepo kiyi, ndiye musakakamize mpaka kuthyola, gwedezani pang'onopang'ono. Ngati galimoto ili ndi alamu ikhoza kulira, musatekeseke, imasiya injini ikalira. Khalani pampando, giya ili pa P, pondani buleki, gunditsani mbali ya kiyi yokhala ndi chizindikiro cha Toyota pa batani lolizira. Mukamva kulira kwa "pii", dinani batanilo musanachedwe. Ikalira, dziwani kuti mtima wa kiyi wanu uli moyo, ndipo mwapulumuka ku ndalama zambiri. Ikakana musataye mtima, yesaninso mukamaliza kutsuka, chifukwa pa makiyi a mtundu uwu mbali ya immobiliser ili pa bolodi yomweyo imene yadetsedwa ndi sopo.

Apa ndipatukeko pang'ono chifukwa cha owerenga ena amene ali ndi makiyi olowetsa m'switchi. Pa ambiri a iwo katchipu ka immobiliser kamakhala pakokha m'ngodya ya chigoba, kena kagalasi konga kambewu ka mpunga, kena kakuda konga kachidutswa ka khala. Kameneka madzi sakalowa. Ngozi yake ndi kutayika. Bambo wina anabwera kwa ine galimoto ikukokedwa, akuti injini ikungozungulira osagwira chisinthireni chigoba cha kiyi. Chigoba chakale anali atataya kudzala, katchipu kali momwemo. Tinatuma mwana kukafukula, mwamwayi zinyalala zinali zisanatenthedwe. Mukamatsegula kiyi wotere, yalani nsalu yoyera pa tebulo, ndipo musatsegulire pa mchenga.

Tibwerere kwa wanu. Mufunika zinthu zitatu: madzi a batire, isopropyl alcohol, ndi mswachi wofewa umene sunakhudzepo mankhwala otsukira mano, kapena wakale wotsukidwa bwino. Madzi a batire ndi aja amagulitsa m'mabotolo pa malo omwetsera mafuta ndi m'mashopu a masipeya, othira m'batire la galimoto kapena la sola. Ubwino wake ndi woti alibe mchere. Koma werengani botolo kawiri. Pa shelefu yomweyo pamakhalanso asidi wa batire, ndipo mukasokoneza ziwirizi ndiye mwamuphera kiyiyo nokha.

Thirani madziwo m'kapu yoyera, vviikani kabolodi, kagwedezeni kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, tayani madzi, thirani ena, bwerezani katatu. Timayamba ndi madzi chifukwa sopo ndi mchere zimasungunuka bwino m'madzi kuposa mu alcohol. Anthu ambiri amalumpha sitepe imeneyi poopa kunyowetsa chinthu chimene akufuna chiume, koma kumbukirani kuti batire mulibe, ndiye palibe choopsa. Akanakhala kuti kiyi anangogwera m'madzi a mvula kapena m'nyanja ku Senga Bay, amene ndi madzi opanda mchere wambiri, mukanatha kupita ku alcohol mwachindunji. Koma sopo, thobwa, tiyi wa shuga, madzi a m'chimbudzi, madzi a mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje imene imatulutsa amchere, zonsezi zimafuna kutsukuluza. Oipitsitsa ndi madzi a m'nyanja yamchere. Madalaivala amene amapita ku Beira kapena ku Dar es Salaam adziwe kuti kumeneko batire limachotsedwa pomwepo, pagombe, osadikira kufika kogona.

Mukatha madzi, samutsirani kabolodi mu isopropyl alcohol. Funani wa 90 peresenti kapena kuposa, wa 99 ndiye wabwino koposa. Amapezeka m'mafamase ena ndi m'mashopu ogulitsa zipangizo zokonzera mafoni ndi makompyuta. Ntchito yake ndi kusakanikirana ndi madzi amene abisala pansi pa tizipangizo, kuwatulutsa, kenako kuuluka osasiya kanthu. Kasiyeni kabolodi m'menemo mphindi zingapo, kenako kwechani ndi mswachi modekha, motsata timiyendo ta katchipu, mpaka zoyera ndi zobiriwira zija zitachoka. Yang'anani ndi kamera ya foni mutakulitsa chithunzi, imaona bwino kuposa maso a munthu wa zaka zanga.

Malo awiri afuna chidwi chapadera. Oyamba ndi kabokosi kamakona anayi kamene kamaoneka kokulirapo pa bolodi. M'kati mwake muli timakoyilo ta waya wopyapyala kwambiri, ndiwo makutu amene kiyi amamvera kuitana kwa galimoto. Pamenepo mswachi uzingodutsa, osakanikiza, ndipo musayese kukatukula ndi singano. Achiwiri ndi mabatani. Kabatani kalikonse ndi kachitini kokhala ndi kambale kachitsulo m'kati, ndipo madzi akalowamo satuluka okha. Donthezerani alcohol pamwamba pake n'kudina kambirimbiri, makumi awiri kapena atatu, donthezeraninso, dinaninso. Muyenera kumva "tiki, tiki" womveka bwino pansi pa chala. Kakamamveka ngati mukudina nsima yozizira, kameneko kadzafunika kusinthidwa. Tizitsulo togwira batire tikhuleni ndi labala wa pensulo mpaka tiwale, kenako pukutani ndi alcohol. Zigoba ndi kamphira tsukani padera ndi madzi wamba, muumitse bwino.

Mwina mufunsa ngati palibe china chogwiritsa ntchito isopropyl akasowa. Mankhwala opopera otchedwa contact cleaner, ogulitsidwa m'mashopu a zamagetsi, amagwira bwino. Spiriti wa papo uja ndi wachiwiri, amasiya utoto pang'ono, koma kwa munthu amene ali kutali ndi tauni ndi bwino ameneyo kusiyana ndi kusiya sopo pa bolodi. Sanitaiza wa m'manja ayi, muli glycerine amene amatsala n'kumamata. Kachasu, poti wina anandifunsapo ndi nkhope yosaseka, ali ndi madzi ochuluka kwambiri. Petulo, thina ndi mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo amadya pulasitiki ndi mphira. WD-40 wamba ndi wabwino pa bawuti yochita dzimbiri, koma pa bolodi amasiya mafuta amene amakola fumbi. Ngati ntchito yonseyi ikukuopsani, pitani nako kabolodi kwa wokonza mafoni wodalirika. Ena ali ndi kabafa kotsukira mabolodi ndi kunjenjemera, ndipo mphindi zochepa m'menemo zimachotsa zimene mswachi sungafikire. Ingofunsani kaye chimene athiremo. Akatulutsa botolo la thina, tengani katundu wanu muzipita.

Kuumitsa ndiye kosavuta, kumangofuna mtima. Gwedezani kabolodi, kaikeni pa pepala loyera pamthunzi podutsa mphepo, kapena kutsogolo kwa fani. Kagwireni m'mphepete, osati pa tizipangizo. Tsiku limodzi lathunthu ndi lochepetsetsa, awiri ndi abwino, makamaka nyengo ya mvula. Ngati muli ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, tsekerani pamodzi m'kabotolo usiku womaliza. Kutentha kwambiri ndiko kopewa. Pa dashibodi padzuwa ayi, pafupi ndi mbaula ayi, mu uvuni kapena microwave ndiye musaganize n'komwe. Chowumitsira tsitsi chikhale pa mphepo yozizira kapena yofunda pang'ono, chili patali. Anthu ambiri amagwa pa ola lomaliza: aona pamwamba pauma, abwezera batire madzulo omwewo kuti angoyesa, pamene pansi pa katchipu pakadali chinyontho. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Batire lakale lisabwererenso, ngakhale lioneke lowala. Lakhala likutaya mphamvu m'chinyontho pafupifupi masiku atatu. Werengani nambala yolembedwa pamsana pake mukagule lofanana nalo. Manambalawo ali ndi tanthauzo: CR1632 ndi la mamilimita 16 m'mimba mwake ndi 3.2 kuchindikala, CR2032 ndi la 20 ndi 3.2, CR2025 ndi la 20 ndi 2.5. Makiyi ambiri a Toyota a zaka za galimoto yanu amadya CR1632, atsopanoko CR2032, koma khulupirirani chimene mwachotsamo osati chimene wogulitsa ali nacho. Lopyapyala limalowa koma limagwedera, ndipo kuphatikiza ndi kapepala ka siliva ka m'paketi ya fodya, monga ndimaonera, ndi kuitana mavuto ena. Latsopano lenileni limawerenga mavolti 3.2 kapena 3.3 pa mita yoyezera magetsi. Gulani losindikizidwa m'paketi yake, la dzina lodziwika monga Panasonic, Maxell kapena Energizer, m'shopu ya mthunzi. Aja amakhala pa kakhadi padzuwa m'mphepete mwa msewu amatha kuonetsa mavolti 3 pa mita, koma kiyi akangofuna mphamvu amagwa pomwepo. Ndaonapo makiyi abwinobwino akuweruzidwa kuti afa chifukwa cha batire lotere.

Chonde, lakalelo musalisiye pa tebulo ngati pakhomo pali ana aang'ono. Mwana akameza batire lotere n'kukakamira pakhosi, limayamba kuwotcha mnofu m'maola awiri okha, ngakhale likhale lotha mphamvu kwa kiyi. Likulungeni ndi selotepi mbali zonse, mulitaye kumene mwana sangalipeze. Zikachitika kuti wameza, ndi kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti aonetse zizindikiro.

Mukabwezera zonse, dinani batani kamodzi muone kanyali, kenako kayeseni pa galimoto. Musavutike ndi kuloza kiyi pa kamera ya foni monga timachitira ndi rimoti ya TV. Ya TV imatumiza kuwala kumene kamera imaona, pamene kiyi wanu amatumiza mafunde a wailesi. Okonza makiyi ali ndi kachipangizo kamene kamaonetsa ngati mafundewo akutuluka ndi nambala yake.

Zimene kiyi achite pamenepo zimatiuza pamene pali bala. Kanyali kakangoyaka osazima, kapena zitseko zikamadzikhoma zokha, ndiye kuti kabatani kena kamatirira kapena mukadali zotsalira, chotsani batire mubwereze kutsuka. Mabatani akamagwira koma galimoto osamuzindikira kiyi ali m'thumba, mpaka mutagunditsa pa batani, vuto lili ku makutu aja. Galimoto ikamalira pogunditsa koma rimoti ili zii ndi batire latsopano, kawirikawiri ndi kanjira ka mkuwa kamene kaduka pafupi ndi pogwira batire, kapena mbali yotumiza mafunde yawonongeka. Zambiri mwa izi munthu wodziwa kuwotcherera tizinthu ta mafoni amazikonza: kusintha kabatani, kulumikiza kanjira ndi kawaya, kuwotchereranso mwendo. Chovuta kuchigwira ndi ichi: zonse zikuyenda bwino, koma batire latsopano latha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Pamenepo magetsi akudontha penapake pansi pa katchipu, pamene mswachi sunafike. Kutsuka kwachiwiri m'kabafa konjenjemera nthawi zina kumathetsa, nthawi zina ayi.

Kunena zoona, mwayi wanu ndi wapakatikati. Mukanachotsa batire Lamulungu m'mawa ndikanakuuzani molimba mtima kuti adzuka. Masiku awiri owonjezerawo atilanda zambiri, komabe kanyali kosayaka kangatanthauze chabe kuti batire latheratu, ndipo ngati linatha msanga ndiye kuti dzimbiri nalo linaleka kuthamanga msanga. Ndatsukapo makiyi ooneka moipa kuposa mmene ndikuganizira wanuyu, n'kugwira ntchito zaka.

Kaya adzuka kaya sadzuka, pali ulendo umene simungauzembe, wopita kwa wokonza makiyi. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amatifika ndi kiyi mmodzi, ndipo timayenda naye ngati kuti sangatayike. Kiyi mmodzi akakhala kuti akulizabe galimoto, ngakhale mwa kugunditsa kokha, kuwonjezera wachiwiri ndi ntchito yaifupi: makina amalumikizidwa pansi pa chiwongolero, kompyuta ya galimoto imaona kiyi wakale, n'kuvomera watsopano. Koma onse akafa kapena kutayika, pamafunika kufufuta ndi kuyambitsanso kompyuta ya immobiliser, pa magalimoto ena mpaka kumasula dashibodi kuti aifikire, ndipo mtengo wake umakwera kangapo. Kiyi amene wagonapo m'sopo, ngakhale achire, ndi wodwaladwala. Akhale wosungira kunyumba, watsopanoyo ndiye aziyenda.

Pogula watsopano samalani ndi chinthu chimodzi chimene chadyera anthu ambiri ndalama. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amalankhula ndi makiyi awo pa mafunde a 315 MHz kapena pafupi pamenepo, pamene a ku South Africa ndi ku Ulaya amagwiritsa 433 MHz. Mlamu wanu wa ku Joni akhoza kukutumizirani kiyi wofanana ndendende, mabatani omwewo, chizindikiro chomwecho, koma Ractis yanu osamumva. Chimene chiyenera kufanana si chigoba koma nambala yosindikizidwa pa kabolodi. Pa makiyi ambiri a Toyota a nthawi imeneyo imayamba ndi 271451, kutsatiridwa ndi manambala ena anayi. Ijambuleni pamene kiyi ali chitsegulire pa tebulopo. Makiyi akale ochotsedwa ku magalimoto ophwasulidwa, amene amagulitsidwa motchipa m'misika ya masipeya, nawonso ali ndi msampha wake: kiyi wotere anakwatiwa kale ndi galimoto ina, ndipo salembetseka pa yanu pokhapokha wokonzayo akhale ndi makina omufufutira kaye. Funsani zimenezo musanapereke ndalama, ndipo mugwirizane kuti mulipira galimoto ikalira.

Popita tengani galimoto yeniyeniyo, blue book ndi chiphaso chanu. Wokonza makiyi amene sakufunsani umboni woti galimoto ndi yanu ndimamukayikira, poti mawa adzachitira wina zomwezo pa galimoto yanu. Tenganinso kabolodi kakale ngakhale kataoneka kuti kaferatu, musakataye, chifukwa nthawi zina katchipu kamakhala kamoyo pa bolodi yakufa ndipo kamafupikitsa ntchito. Mukamudula wachitsulo wa kiyi watsopano, muyesereni pa chitseko muli pomwepo. Ndipo ngati wakaleyu wadzuka, lembani tsiku limene mwaika batire pa kapepala, mumate m'kati mwa chigoba. Likatha msanga, mutseguleninso muyang'ane timiyendo tija ndi kamera, mundilembere zimene mwaona.